Msoko wa M'chikho cha Bambo

Nsalu ya bambo ndinkaichapa m'mawa, m'beseni laling'ono limene sitinkatsukiramo mbale. Inali nsalu yofewa, yosokedwa ngati thumba, imene ankavala pachitsa cha mwendo wawo asanachilowetse m'chikho cha mwendo woikirira. Ndinkayamba ndainyika m'madzi a mchere. Kenako ndinkaipaka sopo pang'onopang'ono, kuyambira kukamwa kutsika nayo, mpaka kufika pabanga. Bangalo linkakhala malo amodzimodzi tsiku lililonse: kutsogolo, zala zitatu pansi pa bondo, lalitali ngati nyemba. Ndikalipikicha linkazilala, koma silinkachoka.

Bambo ankakhala pakhonde n'kumandiyang'ana. Chigwereni ngolo pamwendo wawo, mawu awo onse anali ndi minga.

"Ukuchapa kapena ukupemphera?" ankatero. "Fomu folo yonse ija, kansalu kamodzi mpaka dzuwa kukwera."

Sindinkayankha. Pakhomo pathu ankanditchula kuti Duu.

Tsiku lina bambo atagona, ndinapisa dzanja m'chikho muja. Monse munali mosalala, koma kutsogolo chala changa chinapunthwa pa kamzere kotumphuka, kowonda ngati ulusi. Unali msoko. Ndinayesa ndi zala: zitatu pansi pa bondo.

Atadzuka ndinati, "Bambo, m'chikhomu muli…"

"Muli chiyani? Mwendowu anapanga ndi anthu ophunzira, a makompyuta. Iwe ndiwe ndani?"

Mlungu womwewo adokotala anayang'ana chilonda cha pachitsa, chimene chinkasiya banga lija, n'kunena kuti chikapitiriza kutseguka, tsiku lina adzadula pamwamba pa bondo. Bondo ndi limene linkawafikitsa bambo kudimba. Popanda bondo akanakhala munthu wa pamphasa.

Ndinasiyira mng'ono wanga Esinta beseni lija. Ndinatenga nsalu imodzi yakale, ya banga losachoka, n'kuipinda m'chikwama. Kusukulu ndinali nditagwirako kompyuta. Ndinkafuna kudziwa kumene msoko umachokera.

Tawuni yoyamba inali ya fumbi. Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Pakhomo la shedi ina panaima munthu wa mapewa otambalala, a Chidothi, amene ankapanga mageti okhala ndi maluwa achitsulo. Maluwawo ankadulidwa ndi makina otsatira chojambula cha pakompyuta.

"Umadziwa chiyani?" anandifunsa.

"Kompyuta, pang'ono."

"Pang'ono ndi pang'ono bwanji? Lowa. Ukaononga chitsulo changa ndikutaya kunja ngati madzi otsukira."

Kumeneko ndinaphunzira kuti pakompyuta mzere wokhota saujambula ngati ndi choko. Umaika madontho, ndipo mzerewo umadutsa wokha m'madonthomo. A Chidothi ankandipatsa duwa lojambula papepala kuti ndilitsatire, iwo ataima kumbuyo kwanga.

"Thira madontho ambiri," ankatero. "Mzere uli ngati mwana. Ukaupatsa mpata, umapita kumene ukufuna wokha. Thira apa. Apanso."

Ndinkathira. Tsamba limodzi la duwa linkakhala ndi madontho makumi asanu ndi limodzi. Pasikirini linkaoneka bwino. Koma makina akayamba kudula ankanjenjemera, kuima, kuyambanso, ndipo m'mphepete mwa tsambalo munkatuluka ngati mwalumidwa ndi makoswe. A Chidothi ankaponya chitsulocho pamapazi anga.

"Wonjezera madontho, Duu iwe."

Sindinawauzepo dzinalo. Linkangonditsogolera, kulikonse ndinkalipeza lafika kale.

M'pulogalamuyo ndinapezamo batani limene ukalidina, mzere umamera mano ngati chipeso. Pamene mzere ukukhota modekha, mano amaima mwadongosolo. Pamene ukugwedezeka, mano amapingasana, ena atali, ena aafupi, ena kuloza kumbuyo. Mizere yanga yonse inali ngati chipeso chopondedwa ndi ng'ombe. Ndinaona matendawo, koma mankhwala ake sindinawadziwe.

Kunja kwa shedi, pansi pa mtengo, pankakhala mkulu wina woluka malichero. Ndinkamuonerera nthawi ya chakudya. Pomanga mkombero ankatenga nsungwi yong'amba, kuigwira ndi chala chakumwendo, ndi dzanja, ndi dzanja linalo. Malo atatu okha. Nsungwiyo inkadzikhotera yokha, yosalala ngati mwezi.

"Ukuyang'ana chiyani?" anandifunsa. "Gula kapena choka. Maso sagula lichero."

Ndinachoka. Ndinakakhala pakompyuta n'kuyamba kufufuta madontho limodzilimodzi, mpaka anatsala asanu ndi awiri. Mano a chipeso anaima chilili ngati ana pamzere wa asembule. Makina anadula tsambalo osanjenjemera, ndipo ndinayendetsa chala m'mphepete mwake osachekeka.

A Chidothi sanayang'ane chitsulo. Anayang'ana sikirini.

"Madontho anga ali kuti? Ndimakudyetsa kuti uzindiikira timadontho tisanu ndi tiwiri? Ulesi umenewu ukachitire kwanu."

Tsambalo linali m'manja mwanga. Ndikanangolikweza kuti aone kusalala kwake. Ndinaliika patebulo n'kutenga chikwama.

Msewu wa kumeneko unkaoneka woongoka, koma ndikamayenda ndinkamva ngati wina waugwira padontho n'kuukokera kumbali. Ndinkapezeka ndayang'ana phiri limene poyamba linali kumbuyo kwanga. Esinta anaimba foni. "Chilonda cha bambo chapola," anatero. Patapita miyezi, kapena chaka, anaimbanso. "Chatsegukanso."

Tawuni yachiwiri inali ya utsi wa minibasi. Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Pakhomo la galaja panakhala mayi wina pampando wa galimoto wozulidwa, mayi Nasiyaya, eni malowo.

"Umadziwa chiyani?"

"Mizere yokhota."

"Kuno sitidya mizere. A Mlombwa, nayu wokuchotsani ntchito uja."

Anyamata a m'galajamo anaseka. A Mlombwa sanaseke. Anali munthu woonda, wa magalasi omanga ndi waya, amene ankajambula zikombole za mabampala a pulasitiki a magalimoto. Kuyambira tsiku limenelo ankaphimba manja awo ndi nyuzipepala akamagwira ntchito.

"Luso saphunzitsa," anandiuza. "Amene anandiphunzitsa ine ndinamuchotsa ntchito. Sindine wopusa ngati iye."

Choncho ndinkaba ndi maso. Pawindo la kumbuyo kwawo sikirini inkaonekera, yotembenuka, ndipo ndinkasesa pafupi ndi windolo nthawi yaitali. Ndinaona kuti ukajambula mizere yokhota ingapo, kompyuta imayala khungu pamwamba pake, monga chikopa pang'oma. Bampala limodzi linkakhala makungu anayi kapena asanu olumikizana. Vuto linkakhala polumikizirapo.

A Mlombwa anali ndi batani lawo lobisa. Akalidina, khungu lonse linkavala mizere yakuda ndi yoyera ngati mbidzi. Pamene makungu awiri alumikizana bwino, mizere ya mbidziyo inkawoloka osadziwa n'komwe kuti yawoloka. Pamene angokhudzana koma aliyense akuloza kwake, mizereyo inkaduka: wakuda kukumana ndi woyera. Pamenepo pabampala pankatuluka msoko, ndipo penti ikawala, dzuwa linkauulula.

Ndinaphunziranso kuti msoko suchizidwa pamsokopo. Umabwerera kumizere imene yanyamula makunguwo, n'kuonetsetsa kuti pamene mzere wina ukuthera, unzake ukuyamba moloza komweko. Zikatero makungu amagwirizana okha.

Tsiku lina a Mlombwa anadwala mutu, ndipo mayi Nasiyaya anandikankhira pampando. Bampala la minibasi ina linali litabwezedwa kawiri chifukwa cha msoko pakona. Ndinabwerera kumizere, ndinafufuta madontho, ndinaongola malekezero. Mbidzi inawoloka. Bampala linatuluka losalala, mwini wake anapita akuimba likhweru.

A Mlombwa atabwera anatsegula fayilo, anayang'ana nthawi yaitali, kenako anapita kwa mayi Nasiyaya.

"Mtsikanayu waononga fayilo yanga. Ndakonza ndine usiku kunyumba, apo ayi mukanataya pulasitiki."

"N'zoona, Duu?" anandifunsa mayiwo.

Anyamata anasiya kumenya zitsulo kuti amve. Ndinayang'ana pansi. Panali mafuta otayika, ndipo m'mafutamo ndinaonamo mizere ya mbidzi ikuyenda.

"Wosayankha wavomera," anatero mayi Nasiyaya.

Ndinatenga chikwama. Pageti a Mlombwa anandipeza n'kunena chapansipansi, osandiyang'ana, "Pakona paja unachita bwino. Usadzabwerenso."

Malo achitatu sindikumbukira ngati inali tawuni kapena mudzi waukulu. Mvula inkagwa masiku onse. Ndinafika dzuwa lili paliwombo, koma silinkaoneka. Kunali fakitale yaing'ono youmba mathanki a madzi, ndipo kapitawo wake, mnyamata wa nsapato zoyera, anandifunsa funso lomwe lija.

"Mizere ndi makungu," ndinatero.

"Bola uzifulumira. Kuno amene amaganiza kwambiri sitimusunga."

Kumeneko ndinakumana ndi kukana kwa kompyuta. Ukamaliza makungu onse a thanki, umaiuza kuti iwasoke akhale chinthu chimodzi chotsekeka. Nthawi zina inkakana. Inkati pali mpata. Ukayang'ana, suona kanthu. Ukayandikitsa chithunzi, kuyandikitsa, kuyandikitsabe, mpaka thanki yonse itasowa n'kutsala mizere iwiri yokha, m'pamene unkaona kampata koti tsitsi silingalowe. Kukatseka bwino kunkafuna tsiku lathunthu.

Kapitawo anandionetsa njira yachidule. M'pulogalamumo muli nambala youza kompyuta kukula kwa mpata umene ingaulekerere. Iye anaikweza nambalayo kakhumi, kenako kakhuminso. Kompyuta inasoka osadandaula.

"Waona? Nayonso imamva mawu a bwana."

Mpatawo sunachoke. Kompyuta inangouzidwa kuti itsinzine, n'kumata pamwamba pake ndi kachigamba kopindika. Chikombole chinatuluka ndi kachigamba komweko, ndipo pamenepo pulasitiki inkauma yopyapyala. Ndinadziwa. Ndinatumiza fayiloyo ndi chala changa.

Mvula itatha, mathanki anayamba kubwerera pangolo. Mayi wina anabwera ndi lake, litang'ambika pakhosi, ndipo anati madzi a mwezi wathunthu anathera m'nthaka usiku umodzi, ana ake akutunganso kuchithaphwi. Kapitawo anamuuza kuti analiika padzuwa. Mayiyo anatembenukira kwa ine, poti ndinali nditakhala pafupi ndi khomo.

"Iwe, mwana wa mzimayi mnzanga, ukuonanso choncho?"

Ndinayang'ana zala zanga. Mayiyo analavula pansi n'kuchoka. Kumeneko sanandichotse. Ndinachoka ndekha, m'mawa, osatsanzika.

Ndinayenda nthawi yaitali. Ndikafika pamadzi ndinkatulutsa nsalu ya bambo n'kuichapa, ngakhale sinkavalidwa ndi munthu. Banga linkangondiyang'ana. Esinta ankaimba: chapola, chatsegukanso, chapola pang'ono, chikununkha. Mawu ake anali akukula. Pomaliza sankatchulanso dzina langa, ankangonena za chilonda n'kudula.

Tawuni yomaliza inali ya makoma oyera. Ndinafika dzuwa lili paliwombo. Kuseri kwa msika kunali nyumba yopangira miyendo yoikirira, ndipo pabenchi la panja panakhala anthu asanu ndi mmodzi, ndodo zawo zitatsamira khoma. Pakhomo panaima bambo wa malaya oyera ofika m'mawondo, a Thombozi.

"Umadziwa chiyani?"

Ndinatsegula pakamwa, koma anandidula.

"Zilibe kanthu. Kuno sufunika kudziwa. Ufunika kumvera."

Anandifotokozera ntchito. Iwo ankayesa chitsa cha wodwala. Ine ndinkalowetsa manambalawo m'fayilo imodzi yakale, imene anaijambula okha ali mnyamata. Fayiloyo inkafutukuka kapena kuchepa potsatira manambala, makina n'kusema chikombole, pachikombolepo n'kuumbapo chikho.

"Fayilo iyi yayendetsa anthu mazana," anatero. "Ulowetse manambala, udine batani lotumiza. Ukakhudza dontho limodzi, uona."

Ndinamvera masabata atatu. Kenako tsiku lina masana atapita kukadya, ndinadina batani la mbidzi. Mizere inazungulira chikho bwinobwino, kumbuyo, m'mbali. Kutsogolo inaduka. Ndinaika zala pasikirini, ngakhale ndinkadziwa kale: zitatu pansi pa bondo. Msoko wa m'chikho cha bambo unkachokera apa.

Ndinadina batani la chipeso. Pamalo pomwepo panadzadzana madontho makumi anayi, mano atapingasana. Zinkaoneka kuti kalekale makungu awiri anakana kukumana, ndipo a Thombozi anathira madontho kuti awakakamize. Atalephera, anakweza nambala ija yolekerera mpata. Matenda onse atatu amene ndinawaona m'matawuni atatu anali atagona pamalo amodzi, aakulu ngati nyemba.

Ndinakhala ndikuyang'ana mpaka mbale za kumsika zitasiya kulira. Kenako ndinakopera fayiloyo pambali. Masana aliwonse ndinkakonza kope langalo. Ndinachotsa madontho, ndinajambulanso mizere ya kutsogolo kuti ikhale yathunthu, msoko ndinausamutsira kumbuyo kumene kuli mnofu, ndipo kumenekonso ndinaugwirizanitsa mpaka mbidzi inawoloka. Ndinatsitsa nambala ija kufika pamene inayenera kukhala. Kompyuta inasoka yokha, maso ali otsegula.

Ndiyeno sindinauze munthu. Ndinkapitiriza kutumiza fayilo yakale. Anthu a pabenchi akamavula miyendo kuti ayesedwe, ndinkaona nsalu zawo. Wina banga lofiira, wina lachikasu, wina wamata thonje pamalopo. A Thombozi ankawauza kuti sasamba bwino, kapena amayenda kwambiri, kapena magazi awo ndi oipa. Iwo ankapepesa. Ine ndinkadina batani. Nyengo yozizira yonse inatha choncho.

Bambo anafika mwezi wotentha. Ndinamva ndodo yawo ndisanawaone. Esinta anawagwira mkono, ndipo anali atatalika kundiposa. Bambo anali atachepa. Anandiyang'ana pampando wa kompyuta kwa kanthawi.

"Kodi unathera kuno?" anatero. "Anthu ankati unakwatiwa."

"Mukumudziwa?" anafunsa a Thombozi.

"Ndi mwana wanga. Sayankhula, koma alibe mwano."

Esinta anapereka kalata ya adokotala. A Thombozi anaiwerenga mokweza: chikho chatsopano, ndipo chilonda chikapanda kupola mvula isanayambe, adula pamwamba pa bondo. Anayesa chitsacho mofulumira, nsalu ili pomwepo, n'kundiponyera pepala la manambala.

"Lowetsa, utumize."

Ndinalowetsa manambala m'fayilo yakale. Chikho cha bambo chinaima pasikirini, chikuzungulira pang'onopang'ono. Chala changa chinafika pabatani n'kuima. Ndinamva ngati misewu yonse imene ndinayenda yakokedwa padontho limodzi.

"Wagona?" anatero a Thombozi. "Makina akudikira."

Ndinadina batani la mbidzi.

"Ndani wakuuza kuti ukhudze zimenezo?"

"Usandichititse manyazi pamaso pa anthu ophunzira," anatero bambo. "Chita zimene akuuza."

Ndinatsegula chikwama, ndinatulutsa nsalu yakale ija, ndinaitambasula patebulo pafupi ndi sikirini. Mawu anga anatuluka osasa, ngati chitseko chimene chakhala nthawi yaitali osatsegulidwa.

"A Thombozi, onani pamene mizereyi yaduka. Onaninso banga ili. Ikani zala zanu."

"Mtsikana iwe, ndinayamba ntchitoyi usanabadwe."

"Inde. Msokowu ndi wamkulu kuposa ine. Munathira madontho makumi anayi apa, makungu anakanabe, ndiye munauza kompyuta kuti itsinzine. Inatsinzina. Koma mnofu wa munthu sutsinzina."

Chitseko chinali chotsegula, ndipo pabenchi panja anthu anasiya kucheza.

"Bambo, tengani mwana wanu," anatero a Thombozi. "Apo ayi mwendo wanu mukaupangitse kwina."

Bambo anagogoda pansi ndi ndodo. "Duu, ndakuuza…"

"Bambo, nsalu yanu ndachapa ine zaka zonse zija. Ndinakuuzani za m'chikhomu, munandifunsa kuti ndine ndani. Ndinapita kukafunsa. Ndakhala chete kwa opanga mageti, kwa a minibasi, kwa mayi wina amene ana ake anamwa madzi a pachithaphwi chifukwa cha ine. Kuno ndakhala chete miyezi inayi, ndipo anthu ali pabenchi apo ndawacheka ndi chala ichi. Lero ndiyankhula, inu mumvere."

 Esinta anayang'ana bambo. Bambo anayang'ana nsalu ya patebulo nthawi yaitali. Kenako anawerama, anakunkhuniza nsalu imene anavala, pang'onopang'ono chifukwa inali itamatirira pachilonda, n'kuiyala pambali pa inzake. Mabanga awiriwo anagona mofanana, lina lozilala, lina lonyowa. Pakhomo panaima bambo wina wa pabenchi, atatsamira ndodo, nsalu yake ili m'manja.

"Maliza," anatero bambo anga, osandiyang'ana.

Ndinatsegula kope langa pambali pa fayilo yakale n'kulowetsamo manambala omwewo. Mizere ya mbidzi inazungulira chikho chonse osaduka.

"A Thombozi, ichi ndi chikho chanu chomwecho. Sindinasinthe muyeso wanu, poti muyeso mumaudziwa kuposa ine. Ndangochotsa msoko. Makina asema chimodzi mwa ziwirizi. Chatsopanochi nditumiza ine, ndipo chikawacheka bambo mudzandithamangitse pamaso pa anthu onsewa. Chakalecho sindidzachitumizanso, lero kapena mawa, kwa bambo anga kapena kwa wina aliyense. Mukachifuna, batani ndi ilo. Koma mudine ndi dzanja limodzi, linalo mutagwira nsalu yonyowayi."